Kujambula Zithunzi pa Chilumba cha Mull: Dzuwa, Nyengo ndi Malo Akale

Mull ndi chilumba cha kumadzulo kwa Scotland, chachiwiri kukula pa zilumba za Inner Hebrides. Chachikulu pa zonse ndi Skye. Kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 875, koma anthu okhalapo ndi 3,000 chabe kapena kuposerapo pang'ono. Alendo ambiri amakwera sitima yapamadzi ya kampani ya Caledonian MacBrayne, imene eni dera amangoti CalMac, kuchokera pa doko la Oban kukatsikira ku Craignure, ulendo wosakwana ola limodzi. Pafupi ndi Mull pali zilumba zing'onozing'ono zambiri, ndipo zitatu mwa izo, Iona, Staffa ndi Ulva, wojambula zithunzi sangazilambalale. M'dera lonseli chithunzi chimadalira pamene dzuwa lili, zimene mitambo ikuchita, pamene madzi a m'nyanja afika, ndi zimene wojambulayo akudziwa za malo amene waimapo. Kamera imabwera pambuyo pa zonsezi.

Choyamba ndi dzuwa. Chilumbachi chili pa madigiri 56 ndi theka kumpoto kwa equator, choncho utali wa usana umasintha kwambiri m'chaka. Chakumapeto kwa Juni dzuwa limatuluka cha m'ma 4:30 mbandakucha n'kukalowa 10 koloko ya usiku itadutsa, usana wa maola oposa 17, ndipo ngakhale pakati pa usiku kumpoto kumakhala kukuyerabe. Chakumapeto kwa Disembala limatuluka cha m'ma 9 koloko, pomafika 4 koloko madzulo n'kuti litalowa kale. Masiku amenewo, ngakhale masanasana, limakwera madigiri 10 okha. Kwa munthu wozolowera ku Malawi, kumene usana umangosewera pakati pa maola 11 ndi 13 ndipo dzuwa likangolowa mdima uli ndii, chachilendo ndi kuchedwa kwa chisisira. Dzuwa la kumeneko limatsika mopendekeka, mosafulumira, kotero kuti kuwala kofiirira kwa madzulo kumakhalitsa, ndipo likalowa thambo limakhalabe ndi kuwala kobiriwira kokwanira kujambulira kwa nthawi yaitali ngati kamera yaimikidwa pa tripod.

Dzuwa lotsika limaombera zinthu cham'mbali, ndipo kuwala kwa cham'mbali n'kumene kumaonetsa makwinya a thanthwe, mizere ya minda yakale ndi zosema za pamwala. N'chifukwa chake ojambula odziwa sanyoza miyezi yozizira. Usana wake ndi waufupi, komatu maola onse asanu ndi awiriwo ndi abwino, pamene mu Juni maola a pakati pa tsiku amatulutsa zithunzi zoyezuka, ndipo munthu amayenera kudzuka 4 koloko kapena kuchezera. Dzuwa la masana kumeneko nthawi zonse limakhala kummwera. Khoma loyang'ana kumpoto limawombedwa ndi dzuwa m'mamawa ndi madzulo kwambiri m'miyezi yotentha yokha, chaka chonse chotsalacho limakhala mumthunzi. Polowera dzuwa pamasunthanso: mu Juni limalowa kumpoto chakumadzulo, mu Disembala kummwera chakumadzulo. Gombe loyang'ana kumadzulo monga la Calgary limalandira dzuwa lolowa molunjika cha mu Malichi ndi mu Sepitembala. Miyezi ina limabisika kuseri kwa mitunda ya m'mbali.

Nyengo ya ku Mull imachokera ku nyanja ya Atlantic, ndipo mphepo nthawi zambiri imaomba kuchokera kummwera chakumadzulo. Mpweya wonyowa ukagunda mapiri a pakati pa chilumba umakwera n'kukhuthula mvula, ndiye pamakhala kusiyana kwakukulu pa mtunda waufupi. Ben More, phiri lalitali pa onse, la mamita 966, limatha kufunda mitambo masiku angapo motsatizana, pamene Iona, chilumba chathyathyathya, chikuwala. Miyezi ya Meyi ndi Juni ndiyo imakhala ndi mvula yochepa. Tsiku loipitsitsa kwa wojambula ndi la mvula yowaza yosalekeza, yonga ya chiperoni, pamene thambo ndi nyanja zimangokhala mtundu umodzi wotuwa. Ngakhale tsiku lotere lili ndi ntchito yake, chifukwa kuwala kopanda mithunzi kumakomera mathithi, ndere za pamiyala, nkhalango za mitengo ya oak ndi nkhope za anthu.

Nyengo yabwino koposa ndi imene alendo ambiri amaithawa. Chimvula chikadutsa, mphepo imatembenukira kumpoto chakumadzulo, mpweya umayera, ndipo mvula imayamba kubwera mwa apo ndi apo. Pamenepo munthu woima pamtunda amaona mtambo wakuda ukubwera pamwamba pa nyanja, kunsi kwake mvula ikutsika, mbali inayo dzuwa likuboola mitambo n'kugwera pa phiri limodzi lokha. Kuwala kotere kumakhala mphindi imodzi kapena ziwiri. Amene amachita kuthamangira m'galimoto kukatenga kamera dzuwa litawonekera amabwera zitatha. Njira yake ndi kusankhiratu poima, kukonzeratu chithunzi, kuphimba kamera ndi pulasitiki, kufulatira mphepo n'kudikira. Utawaleza umaoneka mbali yofulatirana ndi dzuwa, ndipo popeza dzuwa limakhala lotsika, m'miyezi yozizira umatha kuoneka ngakhale masana. Pa zithunzi zotere wojambula amayeza kuwala pa mbali yowala kwambiri, chifukwa pakuda pamatha kukonzedwa pa kompyuta ngati chithunzi chasungidwa mu RAW, koma pamene payera mopyola palibenso chobweza.

Mphepo imagwedeza tripod, ndipo kuitalikitsa miyendo yonse n'kudziputira mavuto. Ndi bwino kuifupikitsa n'kuitsamira ndi dzanja. Pafupi ndi gombe mpweya umakhala ndi timadontho ta madzi amchere timene timamata pa lenzi mosaoneka, mpaka zithunzi zimayamba kuchita nkhungu. Kansalu kouma kamangopaka mcherewo. Pamafunika kupukuta ndi kansalu konyowa pang'ono ndi madzi abwino, kenako kouma. Kukakhala bata pamabwera vuto lina. Kuyambira kumapeto kwa Meyi mpaka Sepitembala kumakhala tizilombo touluka totchedwa midges, tochepa kwambiri kuposa udzudzu, toluma m'chigulu makamaka m'mamawa ndi madzulo, nthawi yomwe wojambula amafuna kuima phee. Kamphepo kakangoomba timabisala. Popanda mphepo, kaneti kophimba kumutu n'kofunika kuposa lenzi yachiwiri. M'maudzu mulinso nkhupakupa zimene zina zimafalitsa matenda a Lyme.

Nyanja nayo ili ndi nthawi zake. Madzi amasefukira ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangokhala kumene, kusiyana kwake kumaposa mamita atatu. Malo amodzi omwewo amakhala mchenga woyera m'mawa, masana n'kukhala madzi. Ndandanda ya nthawi za madzi imafalitsidwa chaka chonse, ndipo wojambula amaiwerenga limodzi ndi nthawi za dzuwa. Mchenga wosapondedwa umapezeka madzi akamaphwa. Pofuna kuti mafunde aoneke akuyenda koma osasanduka utsi, kamera imatsegulidwa kwa kota ya sekondi mpaka sekondi imodzi, ndipo amadina funde likamabwerera, pamene thovu limasiya mizere yoloza kunyanja.

Maonekedwe a Mull anaumbidwa ndi ziphalaphala za moto zimene zinatuluka pansi zaka pafupifupi 60 miliyoni zapitazo. Chiphalaphala chimodzi chikauma, china chinkadzayala pamwamba pake, ndipo lero mapiri a kumpoto ndi kumadzulo amakwera mwamasitepe. Masitepe amenewa amaoneka bwino pa Ardmeanach, ndipo kukakhala namondwe mathithi a m'maphompho ake amakankhidwa ndi mphepo n'kubwerera m'mwamba. Msewu wodutsa m'mphepete mwa Loch na Keal, kunsi kwa matanthwe a Gribun, ndiwo malo abwino oyang'anirapo dzuwa likamalowa kuseri kwa zilumba. Eas Fors, mathithi atatu otsatizana moyang'anizana ndi Ulva, amafuna tsiku la mitambo. Kummwera, ku Ross of Mull, mwala umasintha n'kukhala wa granite wofiirira umene umapsa mtundu dzuwa likapendeka. Tauni ya Tobermory, imene inakhazikitsidwa mu 1788 ngati doko la asodzi, imadziwika ndi nyumba zopakidwa penti wa mitundumitundu m'mbali mwa doko. Zimayang'ana chakummawa, ndiye n'zojambula m'mawa, madzi atadzaza. Mabwato akale ovunda pafupi ndi Salen ajambulidwa mpaka kukwana, ndipo amene akuimapo angachite bwino kusendera pafupi n'kujambula penti wosupuka ndi misomali ya dzimbiri. Linga la Duart la banja la Maclean, la m'zaka za m'ma 1200, limene Sir Fitzroy Maclean analigula mu 1911 n'kulimanganso, limaoneka bwino munthu ali pa sitima, kumanzere popita ku Craignure.

Staffa ndi kachilumba kopanda anthu, kamene kakhala m'manja mwa National Trust for Scotland kuyambira 1986. Chiphalaphala chake chinazizira pang'onopang'ono n'kung'ambika kukhala zipilala zoima chilili, zambiri za mbali zisanu ndi imodzi. M'zipilalamo nyanja inaboola phanga lotchedwa Fingal's Cave, lotalika mamita pafupifupi 20 kupita m'mwamba. Joseph Banks ndiye anabukitsa malowa atafikako mu 1772. Wopeka nyimbo Felix Mendelssohn anafikako mu 1829, ndipo J. M. W. Turner anajambula phangalo ndi penti atapitako mu 1831. M'zaka za m'ma 1860 George Washington Wilson wa ku Aberdeen analijambula pa magalasi opakidwa mankhwala amene ankayenera kutsukidwa asanaume, kutanthauza kusenza tenti ya mdima ndi mabotolo pa miyala yoterera. Wojambula wa lero zake zapepuka, koma vuto la kuwala ndi lomwelo: m'kati mwa phanga ndi mwakuda, kukhomo kukung'anima. Ambiri amajambula zithunzi zitatu zosiyana kuwala n'kudzaziphatikiza. Mabwato amasiya anthu pachilumbapo kwa ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo mafunde akakula sakocheza n'komwe. Chithunzi choonetsa kukula kwa phangalo chimajambulidwa munthu akadali m'bwato, ndipo chimafuna munthu mmodzi woima pa zipilala kuti diso lipeze poyezera.

Iona ndi pamene wojambula amayenera kuchedwa. Kuchokera ku Craignure ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 60 kudutsa ku Glen More mpaka ku Fionnphort, kenako mphindi khumi pa sitima. Alendo saloledwa kuolotsa galimoto popanda chilolezo, choncho pachilumbapo munthu amayenda wapansi. Kutalika kwake ndi makilomita asanu okha. Columba anafika kuno kuchokera ku Ireland mu 563 n'kukhazikitsa nyumba ya amonke imene inafalitsa Chikhristu m'madera ambiri a Scotland. Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti buku lokongoletsedwa la Mauthenga Abwino lotchedwa Book of Kells linayamba kulembedwa kuno cha m'ma 800. Ma Viking anaukira malowa kangapo, ndipo mu 806 anapha anthu 68.

Chimene ojambula ambiri amasokoneza n'chakuti tchalitchi chimene chilipo lero Columba sanachione. Nyumba zake zinali za mitengo ndi dothi. Yamiyalayi inayambidwa cha m'ma 1200 ndi amonke a chipani cha Benedict, inasiyidwa pambuyo pa kusintha kwa mpingo mu 1560, n'kukhala bwinja kwa zaka mazana atatu. Zithunzi zimene dokotala wa ku Edinburgh, Thomas Keith, anajambula mu 1856 zimaonetsa makoma opanda denga, udzu utamera m'kati. Tchalitchicho chinafoleredwanso kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo nyumba zogona zinamangidwanso ndi gulu la Iona Community limene George MacLeod anayambitsa mu 1938. Diso lodziwa limasiyanitsa mwala wakale wodyeka ndi watsopano wosongoka m'mbali, ndipo chithunzi choika ziwirizi pamodzi chimanena zoona za malowa kuposa chongotenga nyumba yonse ili patali.

Chakale kwenikweni chili panja. Kutsogolo kwa khomo la kumadzulo kwaima mtanda wamwala wa St Martin, wotalika mamita oposa anayi, wosemedwa m'zaka za m'ma 700, ndipo sunasunthidwepo pamene unaimikidwa. Mbali yake ya kummawa ili ndi njoka zopotana mozungulira timibulu. Ya kumadzulo ili ndi Mariya ndi Mwana pakati, Danieli pakati pa mikango, Abrahamu atasamula lupanga pa Isake, ndi Davide akuimba zeze. Mvula ya zaka zoposa 1,200 yadya zosemazi, moti dzuwa likaziwomba maso ndi maso, kapena kukakhala mitambo, munthu amangoona mwala wotuwa wa ndere. Zimatuluka dzuwa likakhala pafupifupi kummwera kwenikweni, likupsepsa mwalawo cham'mbali. Mbali ya kummawa imajambulidwa dzuwa lisanafike pakati, ya kumadzulo litangopendeka. M'miyezi yotentha wotchi za ku Britain zimakankhidwa ola limodzi kutsogolo, ndiye ku Iona dzuwa limafika pakati 1 koloko itadutsa. Apa lamulo lakuti masana sajambula siligwira. Mtanda wa St John umene uli chapafupi ndi wa konkire, woumbidwa motengera weniweni umene zidutswa zake zili m'nyumba yosungira zakale kuseri kwa tchalitchi, ndipo wolemba mawu a pansi pa chithunzi ayenera kunena zimenezi.

Moyang'anizana ndi mitandayi pali kamtunda ka thanthwe kotchedwa Tòrr an Aba. Makala amene anafukulidwa pamenepo mu 1957 anayezedwa mu 2017, ndipo anapezeka kuti ndi a pakati pa 540 ndi 650, nthawi ya Columba. N'kutheka kuti ndi otsala a kanyumba kamene ankalemberamo. Kuchokera pamenepo mitanda, tchalitchi, madzi ndi mapiri a Mull zimalowa m'chithunzi chimodzi, makamaka madzulo. Chakummwera kuli manda a Reilig Odhráin, kumene mbiri imati kunaikidwa mafumu akale, ndiponso kumene John Smith, mtsogoleri wa chipani cha Labour, anaikidwa mu 1994. Bwinja la nyumba ya masisitere silinamangidwenso, ndipo mwala wake wofiirira umaoneka bwino ukanyowa. Kumpoto kwa chilumba kuli mchenga woyera ndi madzi obiriwira kumene Samuel Peploe ndi Francis Cadell ankajambula ndi penti m'zaka za m'ma 1920; galasi la polariser limachotsa kung'anima kwa pamadzi n'kuonetsa mtunduwo. Alendo a tsiku limodzi amadzaza malowa kuyambira cha m'ma 11 koloko mpaka madzulo, ndiye wofuna zithunzi zabata amagona komweko. M'tchalitchi mumachitikabe mapemphero, ndipo nthawi imeneyo kamera imalowa m'chikwama.

Mabwinja ena a m'derali alibe zikwangwani. Mu 1821 pa Mull ndi zilumba zoyandikana nazo pankakhala anthu oposa 10,000. Kenako mtengo wa phulusa la ndere za m'nyanja, limene linkawapezetsa ndalama, unagwa. Mu 1846 mbatatesi zinagwidwa ndi chiwawu. Eni malo anaona kuti nkhosa zikupindulitsa kuposa anthu, ndipo midzi yathunthu inasamutsidwa, ambiri kupita ku Canada ndi ku Australia. Zigwa zopanda anthu zimene zimakopa ojambula zinapululuka motere. Ku Inivea pamwamba pa Calgary, ku Crackaig ndi ku Shiaba kwatsala makoma a miyala opanda denga, ndipo m'mbali mwake dzuwa lotsika limaonetsa mizere imene ankalimamo. Nthawi yake ndi Malichi ndi Epulo, chifukwa pofika Juni zomera zotchedwa bracken zimakhala zitaphimba zonse mpaka m'chiuno. Mu Okutobala zimafiira n'kugona.

Ku Ulva munthu amaitana bwato pokankha kathabwa ka pakhoma kuti paoneke pofiira. Pachilumbachi pankakhala anthu pafupifupi 600 Francis William Clark asanayambe kuwachotsa m'zaka za m'ma 1840, ndipo pamene anthu a m'dera anachigula mu 2018, okhalapo anali osakwana khumi. Agogo aamuna a David Livingstone anali a konkuno. Anasamuka mu 1792 kukagwira ntchito ku fakitale ya thonje ku Blantyre wa ku Scotland, kumene mdzukulu wawoyo anadzabadwira mu 1813, ndipo dzina la mudziwo ndi limene linapatsidwa kwa mishoni ya Blantyre ku Malawi mu 1876. Kummwera kwa Ulva kuli phanga limene limatchedwabe ndi dzina la banja la Livingstone.

Lamulo la Land Reform (Scotland) Act la 2003 limalola munthu kuyenda wapansi pafupifupi paliponse, bola asaononge mbewu, asalowe pabwalo la nyumba ya mwini, ndipo asiye zipata mmene wazipezera. M'nyengo yoswa nkhosa, Epulo ndi Meyi, makola amalambalalidwa. Misewu yambiri ndi yokwana galimoto imodzi, ndipo timalo totambasuka ta m'mbali ndi topatukirana, osati toimikapo galimoto n'kukajambula. Kuulutsa drone pa malo a National Trust for Scotland kapena a Historic Environment Scotland, amene amasamala tchalitchi cha Iona, kumafuna chilolezo. Chiwombankhanga cha mchira woyera, chachibale cha nkhwazi, chinatheratu ku Scotland kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Chinabwezeredwa pa chilumba cha Rum kuyambira 1975 ndi anapiye ochokera ku Norway, ndipo mwanapiye woyamba kukula mpaka kuuluka anaswedwa pa Mull mu 1985. Mapiko ake akatambasuka amaposa mamita awiri. Kuchisokoneza pa chisa ndi mlandu malinga ndi lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981, choncho amachijambula chikuuluka, ndi lenzi yaitali ndi liwiro la 1/1000 ya sekondi kapena kuposa. Mbalame za puffin zimaswa m'mauna pa Staffa ndi pa chilumba cha Lunga kuyambira Epulo mpaka kumayambiriro kwa Ogasiti. Sizithawa anthu, koma dothi la pamwamba pa mauna awo limagumuka likapondedwa, ndiye wojambula amakhala pansi m'njira n'kuzidikira kuti zitere.